Akatswiri a tiyi ali ku Makhanga, koma shuga wawatseka pakamwa

Kutauni kwabuka fashoni ya tiyi. Anthu omwe aja ankatiseka ife akumudzi kuti timamwa tiyi wa zinyalala pansi pa kapu, iwo akunyadira timatumba toviika tokhala ndi kachingwe, lero atembenuka. Akuti tiyi wa m'kathumba ndi wa anthu opanda lilime. Munthu wozindikira, akutero iwo, amagula masamba ochita kutapa ndi supuni, osakaniza ndi maluwa, makoko a zipatso kapena zonunkhira zina, ndipo asanamwe amayamba wanunkhiza kapu atatsinzina. Ine ndine munthu wamba wa kuno ku Makhanga, kwa Mlolo, m'boma la Nsanje. Sukulu ya zophikaphika sindinapondeko, ndipo lilime langa linapsa kalekale moti tiyi wa lero ndi wogonera limawapatsa ulemu wofanana. Komabe ndili ndi mlandu, ndipo ndiuzenga ndi umboni. Tiyi amene apamwamba akumutamayu ife tinayamba kale kumwa, agogo athu akadali anyamata, ndipo chimene chatilepheretsa kutchuka naye si umbuli ayi, koma shuga.

Tiyambe taona kuti tiyi wokometserayo n'chiyani, chifukwa mayina ake amaopsa kuposa zimene zili m'kapumo. Earl Grey, amene a ku England amamwa atapinda kachala, ndi tiyi wakuda wamba amene anamuwaza mafuta a m'makoko a bergamot, chipatso cha mtundu wa ndimu cholimidwa kwambiri ku Calabria m'dziko la Italy. Ku Morocco amathira masamba a minti. Ku India amawiritsa masamba pamodzi ndi mkaka, jinja ndi zokometsera zina. Ku Fujian m'dziko la China kuli Lapsang souchong, tiyi amene amamuumitsa pa utsi wa nkhuni za paini mpaka anunkhe moto, ndipo anthu amalipira ndalama zambiri kuti amve fungo la utsilo. Tsopano bwerani kuseri kwa nyumba ya kuno m'mawa. Mayi wathyola masamba atatu a mandimu, wawafikisa m'manja mpaka fungo lituluke, waponya m'poto. Wina wadula udzu wonunkhira mandimu uja umamera pamene pamatayikira madzi a kubafa, waupinda, waumanga mfundo kuti usavute potsanula. Wina wasinja kachidutswa ka jinja. Pali chidede chofiiritsa madzi, pali masamba a chammwamba, amene kuno timati sangowa, omwe ali pa mpanda wa pafupifupi khomo lililonse. Utsi ndiye sitichita kuitanitsa ku China. Poto wopanda chivundikiro akakhala pamafuwa, nkhuni zili zaziwisi, utsi umalowa wokha popanda kugogoda.

Wina anena kuti ndikuyerekeza zinthu zosayerekezeka, zakunjazo ndi luso pamene zathuzi ndi njira yobisira umphawi. N'zoona kuti masamba a mandimu amachuluka m'poto pamene paketi ya tiyi yatsala pang'ono kutha, ndipo tsiku limene yatheratu amagwira ntchito okha popanda wowathandiza. Sindikana. Koma kwerani phiri mufike ku Thyolo, pa esiteti ya Satemwa imene Maclean Kay anayambitsa mu 1923. Kumeneko amapanga tiyi woyera, wobiriwira ndi wa oolong, ndipo wina amamusakaniza ndi chidede kapena minti n'kumutumiza ku Ulaya m'mapaketi okongola. Chidede chake ndi chomwechi. Chikalowa m'paketi yolembedwa Chingerezi chimatchedwa luso, chikalowa m'poto wakuda wa kwa Mlolo chimatchedwa kusowa. Lilime silidziwa chifukwa chimene tsamba lalowera m'madzi. Limangomva kukoma, ndipo ngati umphawi ndiwo unatiphunzitsa, ndiye kuti tinapeza mphunzitsi wosajomba. Paja akulu anati ukaipa dziwa nyimbo.

Palinso ena amene angafunse kuti anthu a kuchigwa tikulowerera bwanji nkhani ya tiyi pamene mtengo wake ngakhale umodzi sungapirire dzuwa lathu. Tiyi amafuna mvula yambiri ndi mphepo yozizira ya kumapiri. Mbewu yake inayesedwa koyamba pa Mishoni ya Blantyre mu 1878, Henry Brown anayamba kudzala ku Mulanje mu 1891, ndipo lero dziko lino limakolola matani oposa 40,000 pachaka, ochuluka mwa iwo n'kupita kunja, makamaka ku South Africa ndi ku Britain. Zonsezo n'za kumtunda. Koma tiyiyo popita kunja ankadzera kuti? Njanji yochokera ku Blantyre kutsika mpaka ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, inatha kumangidwa mu 1908, ndipo inkadutsa pakhomo pathu penipeni isanaoloke Shire pa Chiromo. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, mabokosi a tiyi ankayenda osatsika mpaka ku Beira. Kwa zaka makumimakumi, tiyi amene ankamwedwa ku London ankayamba wapereka moni ku Makhanga, ife titaima m'mbali mwa njanji n'kumabayibitsa. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira, madzi anadula njanji pa Chiromo mu 1997, koma mtsinje wa Ruo ukutilumikizabe ndi minda ya tiyi. Umenewu umachokera m'phiri la Mulanje, kudutsa m'maesiteti, n'kutipeza kuno uli ndi mtundu wa tiyi wamkaka. Mu 2015, mu 2019, mu 2022 ndi mu 2023 unabwera wochuluka kuposa mmene mudzi ungalandirire, ndipo zimene unatichita si zoseketsa. Ndangoutchula kuti amene akuti tiyi satikhudza adziwe kuti madzi a kwawo kwa tiyi amatikhudza mpaka m'khosi.

Mlandu wolemerako ndi wa kaphikidwe. Akatswiri olawa tiyi, monga amene amaika mitengo tiyi asanagulitsidwe pa okushoni ya ku Limbe, ali ndi lamulo lawo la padziko lonse lotchedwa ISO 3103, limene linatuluka koyamba mu 1980. Limati magalamu 2 a masamba pa mamililita 100 a madzi amene angowira kumene, muvundikire, mudikire mphindi 6, mutsanule. Masambawo saikidwa pamoto. Ife timawaponya m'madzi ozizira, poto n'kuteleka, kenako n'kupita kukamasula mbuzi. Pobwera timapeza tiyi wawira mpaka wada bii, wowawa womanga m'kamwa, chifukwa kuwiritsa kumathamangitsa fungo lonse kupita kumwamba n'kusiya zowawa zokhazokha m'poto. Apa tigonje, akatswiri akunena zoona. Koma pa zina zonse tili nawo limodzi kapena tawapitirira. Tiyi wakuda amafuna madzi otentha kwambiri, ndipo madzi amawira motentha malo akakhala otsika. Kuno sitifika mamita 100 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, choncho madzi athu amawira pa madigiri pafupifupi 100, pamene a ku Blantyre, pa mamita pafupifupi 1,000, amawira asanapitirire 97. Bwana wa ku Namiwawa angagule ketulo yodula bwanji, madzi ake sangafike pa athu. Amatinenanso kuti timabwereza masamba omwewo m'mawa ndi madzulo, koma ku China masamba a oolong amawathira madzi kangapo konse ndipo amati ulendo wachiwiri ndi wachitatu ndiwo wokoma. Ife tinangoonjezera kuwayanika padzuwa. Ndiye pali kamwedwe. Katswiri wolawa amatunga tiyi ndi supuni n'kumukoka ndi phokoso, fuuu, kuti afalikire m'kamwa monse pamodzi ndi mpweya. Limenelo ndi phokoso lomwe amatidzudzula nalo tikapita kwa abale kutauni, ana n'kumatsinana pansi pa tebulo. Kusiyana kwake n'kwakuti katswiriyo akatha amalavula, ndipo kuno munthu wolavula tiyi tikhoza kumutengera kwa amfumu.

Ndisabise chinthu chimodzi, kuti adani anga asachipeze okha. Masamba amene timagula pa okala, kaya ndi paketi ya Chombe kaya oyeza m'timapepala, si masamba athunthu opotedwa ndi manja ngati a ku Satemwa aja. Ndi odulidwa ndi makina kukhala timibulu ting'onoting'ono, abale ake a fumbi lomwe limaikidwa m'timatumba. Koma tiyi wotereyu amatulutsa mtundu ndi mphamvu msanga, ndiye kuti safuna n'komwe kumuzunza pamoto, ndipo ndi wolimba moti jinja kapena ndimu sizimugonjetsa. Madzi nawo ali ndi zawo. Mijigo yambiri ya m'chigwa chino imatulutsa madzi amchere, ndipo tiyi wophikira madzi otero amachita kafuwa pamwamba n'kuzimiririka kukoma. Mayi aliyense kuno amadziwa mjigo wa madzi ochapira ndi mjigo wa madzi a tiyi, ndipo amalolera kupitirira wapafupi kukatunga kutali. Kutauni munthu wosankha madzi a tiyi chonchi amamulemba m'magazini.

Za kutentha sindichedwapo. Amati munthu wamutu wake sangamwe tiyi wamoto mu Okutobala ku Nsanje, kunja kukutentha madigiri oposa 40. Ofufuza a pa University of Ottawa ku Canada anapeza mu 2012 kuti chakumwa chotentha chimachulukitsa thukuta, ndipo thukutalo likauma thupi limazizira kuposa mmene likanazizirira ndi chakumwa chozizira. Chofunika n'chakuti thukutalo liume, ndiye chifukwa chake tiyi wa kuno amamwedwa pansi pa mtengo, malaya ali paphewa.

Tsono ngati zonsezi zili chomwechi, bwanji dziko silitidziwa? Yankho lili m'supuni. Munthu wa kuno, ine ndemwe ndili patsogolo, akalandira kapu salawa kaye. Amathira shuga masupuni anayi odzaza mpaka kupanga kaphiri, n'kutakasa mogogoda kuti oyandikana nawo amve kuti pakhomo pano zinthu zilipo, ndipo akafika pansi pa kapu amakokota phala la shuga lotsalira ndi chala. Pamenepo ndimu uja wafikisidwa mwaluso, jinja uja, utsi uja, madzi aja otungidwa kutali, zonse zafera m'manyuchi. Mukhoza kumupatsa Earl Grey, mukhoza kumupatsa madzi otsukira poto, adzayamika mofanana kuti tiyi ndiye wakoma, shuga wamveka. Zifukwa zake zilipo ndipo si zopusa. Munthu wopita kudimba kukalima mpaka dzuwa lifike pamutu, chomwera chake chili mbatata ziwiri, amafuna mphamvu, ndipo shuga ndi mphamvu yofika msanga. Komanso shuga ndi mwana wa m'chigwa chino. Nzimbe za ku Nchalo zakhala zikugayidwa kuyambira m'ma 1960, ndiye kumuchepetsa kumaoneka ngati kukana wachibale. Chachikulu n'chakuti shuga ndiye muyeso wa ulemu. Mlendo akapatsidwa tiyi wosamveka shuga sanena kanthu, amamwa mwaulemu, koma nkhani yake imakafika ku Bangula bwato lisanaoloke. Komabe a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga patsiku, omwe ndi masupuni aang'ono 12, ndipo akuti 6 ndiye bwino koposa. Makapu athu atatu amamaliza gawo la tsiku lonse, ndipo masupuni athu si aang'ono.

Umboni woti lilime lathu likadali moyo unapezeka kumayambiriro kwa 2024, shuga atasowa m'dziko muno, anthu n'kumaima pamizere m'masitolo, mtengo wake pa okala utakwera mochititsa chizungulire. Tiyi sanasiyidwe. Masupuni anatsika kuchoka pa anayi kufika pa imodzi yosadzaza, ndipo m'makomo ambiri anthu anadabwa kumva kuti m'kapu muli zinthu zina zomwe akhala akumeza kwa zaka osadziwana nazo. Udzu wa kuseri kwa bafa unapatsidwa ulemu, mitengo ya mandimu inayoyoka masamba a m'munsi. Shuga atabwerera tonse tinabwerera naye ku zakale mosachedwa, koma zinaonekeratu kuti chimene chimatisowa si masamba odula kapena maphunziro. Wina anganene kuti kulawa kochita kukakamizidwa ndi kusowa si ukatswiri. Mwina. Koma amene amalipira ndalama zambiri ku Lilongwe kuti aphunzitsidwe kumwa tiyi wopanda shuga amafika pamalo omwewo, kungoti iwo amapatsidwa lisiti.

Choncho pempho langa kwa anzanga a kuno ndi laling'ono, ndipo silifuna thandizo la mabungwe. Madzi awire okha pamodzi ndi jinja kapena udzu uja, popeza zimenezo zimapirira moto. Akawira, phulani poto, ndiye muthire masamba a tiyi ndi a mandimu, muvundikire ndi mbale, mudikire mphindi zisanu, nthawi yokwanira kusenda mbatata. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukatsanula, kokani kamodzi ndi phokoso lonse limene makolo anatisiyira shuga asanalowe, kuti mudziwe chimene mwaphika. Kenako thirani, koma masupuni atatu m'malo mwa anayi, mwezi wamawa awiri. Amayi oyembekezera ndi ana asamamwere tiyi pa nsima, chifukwa amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa m'ndiwo zamasamba ndi nyemba. Adikire papite kanthawi. Ndondomekoyi iyambire pa eni khomo ndi ana awo, kenako ifike kwa alendo ozolowereka amene sangatinenere kutali. Apongozi okha isawakhudze. Amenewo aziikiridwa anayi monga mwa masiku onse, ndipo chitini cha shuga chizisiyidwa pafupi ndi mwendo wawo, chotsegula, supuni ili momwemo.