Kaundula wa Pakhomo, Lifidzi: Gawo la Kabolodi ka Mazira

Wosunga buku: mayi wa nyumba ino. Wopempha ndalama: mwana wathu wachiwiri. Cholinga: makina ofungatira mazira, oyendetsedwa ndi kabolodi ka kompyuta kaja amati microcontroller. Nyengo: Juni ndi Julaye, pakati pa chisanu. Gwero la ndalama: mbatata ya kachewere ya kudimba. Mitengo: m'mametikali (MT).

GAWO LOYAMBA: ZOKAMBIDWA KOMA ZOSAGULIDWA

Raspberry Pi Pico. Inatuluka 2021 pa mtengo wa madola 4. Mwana akuti palibe chotchipa kuposa apo. Wogulitsa wa ku Ulongwe akuti aiitanitse ku Maputo, ndipo ikafika siikhalanso ya madola 4. 0 MT.

ESP32, ya kampani ya Espressif ya ku Shanghai, ya 2016. Liwiro 240 MHz, ili ndi Wi-Fi ndi Bluetooth. Ndinafunsa kuti Wi-Fi ilumikizana ndi yani, poti m'khola mulibe. Mwana anati, "Amayi, n'za mtsogolo." Komanso mapini ake ndi a mavoliti 3.3, pomwe tizipangizo tomwe wogulitsa anali nato n'ta mavoliti 5. 0 MT.

Arduino Uno. Chipu chake ndi ATmega328P, 16 MHz, malo okumbukira 2 KB. Aphunzitsi a fizika amaidziwa. Yaikulu thupi, yokwererapo mtengo. 0 MT.

Mikangano ya pa nsima pa nkhani zitatuzi: ndiwo zinazizira, sizinawerengedwe.

GAWO LACHIWIRI: ZOGULIDWA

1. Arduino Nano. Chipu n'chomwecho cha Uno, thupi masentimita 4.5 okha. Si ya ku Italy komwe Arduino anayambira mu 2005. Ndi yokopera ya ku China. Ntchito yake ndi imodzi: kukatentha izimitse babu, kukazizira iyatse. Pa zimenezo 2 KB n'zambiri. 650 MT.

2. Chingwe cha mini-USB. M'nyumba muno muli zingwe za mafoni zodzaza chitini. Palibe cholowa. 150 MT.

3. Mamega otsitsira pulogalamu ya Arduino IDE, kenaka ena otsitsira dalaivala ya CH340, poti popanda iyo laputopu ya malume ake inkaona kabolodi ngati palibe. 200 MT.

4. Sensa ya kutentha, DS18B20. 250 MT. Imafuna resistor ya 4.7k. Resistoryo yachotsedwa mu wailesi ya abambo ake, yomwe mwana akuti inali yakufa. Abambo ake akuti inkangodwala. 0 MT.

5. Relay ya mavoliti 5, yoyatsa ndi kuzimitsa. Imalira "tha!" usiku wonse. 200 MT.

6. Mababu awiri a galimoto a mawati 21. Babu la LED lomwe tinali nalo limawala koma silifunditsa dzira. 100 MT.

7. Kafani ka kompyuta yakufa. 150 MT.

8. Chapa (minibasi) ya ku Ulongwe, kupita ndi kubwera, pamodzi ndi mandasi omwe sanalembedwe pa pempho. 300 MT.

9. Mazira 30 a nkhuku za m'mudzi zoyenda ndi tambala. A m'sitolo saswa, ngakhale muwaike pa Arduino yeniyeni. 450 MT.

10. Arduino Nano yachiwiri. Yoyamba inalandira mavoliti 12 a batire pa pini ya 5V m'malo mwa VIN, yomwe ndiyo imalola 7 mpaka 12. Panatuluka kautsi, fungo linatsala kuchipinda mpaka mawa. 650 MT.

11. Kutchajitsa batire kumsika masiku a nkhungu, sola itagona. Damu la Cahora Bassa, la mamegawati 2,075, lili m'chigawo chathu chomwe chino. Waya wake sunafike pa denga lathu. 300 MT.

Zonse pamodzi: 3,400 MT. Kabolodi komwe kanatidyera mikangano: 650 MT. Zozungulira kabolodi, kuphatikizapo maliro a koyamba: 2,750 MT.

GAWO LACHITATU: ZOPANDA LISITI

Bokosi lozizira lomwe ndinkagulitsiramo mafirizesi: labooledwa mabowo anayi.

Mbale ya ndiwo: ili m'bokosi, yasunga madzi a chinyezi.

Batire ya nyumba: yasamukira ku mazira masiku 21. Mafoni a aneba, omwe tinkatchaja pa ndalama, apita kwa ena.

Tulo: kutentha kuyenera kukhala madigiri 37.5. Usiku wina batire inatha, sensa inagwa pansi pa 30. Mazira anagona m'bulangete la agogo pamodzi ndi mabotolo a madzi otentha. Agogo anagona ndi chitenje.

Kutembenuza mazira katatu pa tsiku mpaka tsiku la 18: pulogalamu siichita zimenezi. Amachita ndi mlongo wake. Wachedwa Misa ku mishoni, ndipo akufuna malipiro.

GAWO LACHINAYI: ZOLOWA

Anapiye oswedwa ndi Nano: 11 pa mazira 30. Mphamba watenga awiri. Otsala sawerengedwa ngati chuma mpaka nyengo ya chitopa itadutsa.

Anapiye oswedwa ndi thadzi lofiira nthawi yomweyo: 10 pa mazira 12. Mtengo: madeya.

Wailesi ya atsibweni: mwana waikonza, wapeza waya woduka. Anamupatsa 100 MT ndi nzimbe.

Mwana salinso kubawo madzulo. Mzerewu sindikudziwa kuuika pa mtengo wanji, choncho ndaulemba 0 MT.

CHIGAMULO CHA WOSUNGA BUKU

Kabolodi kagulidwe kolingana ndi ntchito yomwe ilipo lero, kogwirizana mavoliti ndi masensa opezeka pafupi, komanso kodziwika kwa munthu yemwe mungamufikire pa njinga. Kagulidwe kawiri ulendo umodzi, kuti chapa isadye kawiri.

Pempho latsopano: SIM800L, kuti bokosi lizitumiza uthenga pa foni kukazizira. Bokosi lili mamita awiri kuchokera pamphasa ya wopemphayo. Lakanidwa mpaka tikumbe mbatata.