Wamkulu Saponya Imodzi

Padangokhala Kalulu ndi Fisi, ku Chiweta, paja msewu wa M1 umatsika phiri mokhotakhota n'kukafika kunyanja. Minda yawo inagundana malire, pamtunda wa miyala pomwe mvula ikagwa m'mawa, pofika madzulo nthaka yauma kale. Nyanja ili apo, ukuiona ndi maso, koma madzi sakwera phiri.

Mvula ili pafupi, Fulu mlangizi anaitana nyama zonse pansi pa mtengo wa mango. Anatenga bango n'kuyeza: mzere ndi mzere masentimita 75, phando ndi phando masentimita 25, paphando mbewu imodzi basi.

"Kudzala kwa Sasakawa n'kumeneku," anatero Fulu. "Akale ankaponya zitatu, inde, koma mapando ankatalikirana masentimita 90. Mukaphatikiza kuchulukitsa ndi kuthinanitsa, chinyezi cha kuno sichikwana."

Kalulu anadula bango lake n'kulibisa kukhwapa. Paja Kalulu anali ndi kaokala m'mbali mwa msewu, pomwe magalimoto a malasha ochokera ku Mchenga amadutsa, ndipo ankagulitsa mbewu.

M'mawa mwake Fisi anafika.

"Mphwanga, ndipatse kathumba kamodzi."

"Kamodzi, atsibweni?" Kalulu anagwira pakamwa. "Imodzi-imodzi ija ndi ya ife amphawi. Anthu akadzakuonani mukuwerenga njere ngati Fulu, adzati chuma chatha. Wamkulu saponya imodzi."

Fisi anakanda kumutu. "Wamkulu saponya imodzi," anabwereza, n'kugula matumba anayi.

Anadzala zisanu paphando, mapando ake oyandikana ngati mano a chipeso. Chimanga chinamera bii, munda wonse wobiriwira, ndipo odutsa pamsewu ankaima kuti aone. Kwa Kalulu kunali kamodzi apa, kamodzi apo, dothi likuonekera.

"Wasauka chotere, mphwanga?"

"Mbewu sinandikwane, atsibweni. Yonse munatenga ndinu."

Fisi anaseka mpaka Nkhwazi kunyanja anamva.

Pothira feteleza, Kalulu anapatsa phesi lililonse kachitsekerero ka botolo kodzaza. Fisi nayenso anathira kachitsekerero paphando, pakamwa pasanu, mbale imodzi. Fulu podutsa anati, "A Fisi, patulirani chisanakule." Fisi anagwira khasu, koma Kalulu anatulukira kumalire.

"Atsibweni, muzule ndalama zanu ndi manja anu? Wamkulu sazula."

"Wamkulu sazula," anatero Fisi, n'kuika khasu pansi.

Kenaka kunagwa ng'amba, chimanga chikumasula ngaiyaye. Sabata yoyamba, masamba a kwa Fisi anapinda ngati anyezi. Sabata yachiwiri, mizu isanu inkalimbirana dontho limodzi, mapesi ataonda ngati mabango. Sabata yachitatu, ngaiyaye zinauma ndevu zisanatuluke. Kwa Kalulu nako masamba ankapinda masana, koma m'mawa ankadzuka atatambasuka.

Mvula inabwerera, koma inapeza maliro atatha.

Pokolola Fisi anapeza tizitsononkho tonga chala, tina ta njere zitatu, tina topanda kanthu. Mapesi okha ndiye anali mulu, kutalika kuposa nyumba.

"Musavutike nawo, atsibweni," anatero Kalulu. "Wamkulu sasenza zinyalala. Ndikuchotserani ulere."

Anatuta mapesi onse n'kukaphimbira munda wake, kuti chaka chamawa dzuwa lisapeze pomwera chinyezi.

Njala itafika pakati pa dzinja, ana a Fisi atatopa ndi chigwada chopanda nsima, Fisi anapita kwa Kalulu kukapempha ganyu. Anapalira mizere khumi, analandira kambale ka chimanga. Anapalira ina khumi, kambale kena. Akupuma pamthunzi, anayang'ana mapesi a Kalulu, lililonse payekha, lililonse lonenepa.

"Mphwanga, chinandilakwira n'chiyani chaka chija?"

Kalulu anakankhira bango lija pansi pa mphasa ndi phazi.

"Ine ndikuona ngati munaumira dzanja, atsibweni. Zisanu zokha paphando, munthu wamkulu ngati inu?"

Fisi anakhala chete, akuwerenga zala. Kenaka anagwedeza mutu.

"Undisungire matumba asanu ndi atatu."

"Pa ngongole, atsibweni?"

"Pa ngongole."

Kalulu anatulutsa kabuku, n'kunyowetsa pensulo ndi lilime.