Njoka ya Pakhoma

Nzeru imeneyi ndinaitola ku Tete, mu hotela ina ya kufupi ndi mlatho wa Samora Machel, komwe ndinakatula matumba a mbatata ya kachewere. Ku Tete thukuta silikata ngakhale mu Meyi, ndipo Okutobala akafika kutentha kumapyola madigiri 40. Koma nditangolowa pakhomo la hotelayo ndinalandiridwa ndi kamphepo kozizira konunkhira maluwa. Fungolo linali chimodzimodzi paliponse: polandirira alendo, m'kanjira ka kukhitchini, mpaka pakhomo la chimbudzi. Ndinafunsa mnyamata wokolopa. Anandilozera kabokosi koyera pakhoma, pambali penipeni pomwe makina oziziritsa amatulutsira mpweya.

"Abwana, chinsinsi si mafutawo ayi, ndi mphepo," anatero. "Kabokosika kamangolavula, wonyamula ndi mpweya."

Mawu amenewo ndinakwera nawo chapa, ndinadutsa nawo Moatize, mpaka ku Vila Ulongwe ndikuwalankhula chamumtima. M'chikwama munali kabokosi konga komweko, mabatire awiri ndi chitini cha fungo la lavenda. Mtengo wake sinditchula, chifukwa amayi akunyumba amadziwa kuwerenga.

Chifukwa ndinali nacho. Apongozi anga a ku Domue anali atatumiza uthenga kuti abwera pa 25 Juni, tsiku lokumbukira ufulu womwe dziko lino linalandira mu 1975, kudzaona nyumba yomwe mkamwini wawo wamanga. Nyumbayo ndi ya njerwa zootcha ndi malata, ilibe siling'i, ndipo makoma a pakati safika kudenga. Kuno kwathu tili mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, phiri la Domue limapyola 2,000, kotero Juni akalowa aliyense amatseka maventi ndi zisanza, mbaula n'kusamukira pabalaza. Nyumba imasunga zonse: makala, anyezi, kapenta wa ku Cahora Bassa, majekete osauma. Kwathu kunawonjezeka kafungo kena kowawasa, kosadziwika kochokera. Mayi anati tisese nyumba yonse, tisuntheko katundu. Ine ndinati zimenezo ndi zachikale.

Ndinazula zisanza zonse m'maventi n'kukhoma kabokosi pamwamba, pambali pa venti ya kumadzulo, monga ndinaonera ku hotela. M'nyumba simunasinthe kanthu kupatula kuzizira. Amene anayamikira ndi mayi a kuseri kwathu. Anandiimitsa pachitsime n'kunena kuti sakudziwa chachitika n'chiyani, koma khola lawo la nkhumba layamba kununkhira bwino.

Apa m'pamene ndinakhala pansi ndi kope la mwana n'kujambula nyumba yanga ndi mivi. Bowo la ku hotela limauzira mpweya m'kati. Langa limautulutsa. Mwera wa nyengo yozizira umachokera kummwera chakum'mawa, umalowa pansi pa chitseko ndi m'maventi a mbali imeneyo, pamene mpweya wotenthedwa ndi mbaula umakwera n'kuthawira mbali inayo. Ine ndinali nditaika lavenda wanga pachipata chotulukira. Kuzindikira zimenezi kunandipatsa matama oopsa. Ndinasamutsira kabokosi kukhoma la kum'mawa, ndikuimba mluzu.

Kabokosiko kali ndi kabatani kosankhira nthawi: kamalavula pakapita mphindi 36, 18 kapena 9. Ndinayamba ndi 36. Kakalavula ndinkamva fungo, posakhalitsa n'kuzimiririka. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mphuno imatopa. Ikakhala m'fungo limodzi kwa mphindi zochepa imaleka kulimva, ndiye chifukwa chake wogulitsa nsomba sadziwa kuti akununkha nsomba. Ine ndinaganiza kuti makina ndi ofooka. Ndinaika pa 18, kenako pa 9, kutanthauza kulavula ka 160 usana ndi usiku umodzi. Mayi akabwera kumsika ankaima pakhomo n'kutsokomola.

"Bambo a ana, muno mukuwawa m'maso."

"Mwangotopa ndi ulendo," ndinkatero.

Vuto lotsala linali lakuti pabalaza pokha ndi pomwe pankanunkhira, zipinda zili chikhalire. Ine ndinkafuna chilungamo, chipinda chilichonse chilandire gawo lofanana. Ndinabwereka fani, yomwe kuno timati ventoinya, kwa mnzanga wometa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, poti munthu wobwereka fani ku Angónia mu Juni sanamuonepo. Ndinaisanjika pamwamba pa kabati, ndikuipendeketsa kuti iziwomba kudenga, mphepo izigunda malata n'kugwera kuseri kwa makoma. Zinatheka, ndipo pa ichi chokha palibe anganditsutse. Fungo linafika kuchipinda chathu, kwa ana, ndi kukachipinda ka kumapeto kosungira katundu. Ana anagona atavala zipewa, mayuniti a Credelec akutha ngati mchere wogwera m'madzi.

M'kachipinda ka kumapetoko ndi momwe munali ufa. Mayi anali atautaya nthawi ufa umenewo: kukonola, kuviika mphale masiku angapo, kutsuka, kuyanika, kukagayitsa. Ufa woyera ukachoka kuchigayo umafunika kuuyanika kuti uume bwino, ndipo poti kunja kunali chifunga ndi mawawa, anauyala pamphasa m'nyumba. Ufa umayamwa fungo lililonse lomwe wagona nalo. Usiku wonse lavenda anali kutsika kuchokera kudenga, mphindi 9 zilizonse, mwachilungamo chonse chija.

Apongozi anafika masana. Aamuna ndi Mngoni wa mawu ochepa, wosayenda popanda chibonga. Atakhala pampando anayetsemula katatu, iwo amene fodya wa pamphuno sawayetsemulitsa. Aakazi, malinga ndi mwambo, salankhula nane maso ndi maso. Anakokera mwana wawo pambali n'kufunsa monong'ona, koma nyumba yopanda siling'i ilibe chinsinsi.

"Iwe, kodi muno munagona maliro?"

Madzulo tinapha tambala. Mayi anaomola nsima yoyera bwino, yosalala, yoti mkamwini n'kuwina nayo mlandu. Apongozi aamuna anasamba m'manja, anatema mbamu yoyamba, anaiviika mumsuzi, anatafuna. Anasiya kutafuna. Anayang'ana nsima, anayang'ana denga, anameza movutika.

"Akamwini, kodi kuno ku Vila nsima mumathira sopo?"

Ndinati mwina ndi mbale sizinatsukuluzidwe. Kunena zimenezo kunali kuponya mayi m'moto, ndipo anandimva ali kukhitchini. Sanayankhe. Anangobwera ndi ufa wodzaza dzanja n'kundiika pamphuno, pamaso pa bambo awo. Tinagonera mbatata yowiritsa ndi tambala, ku nyumba ya munthu wogulitsa mbatata, pa tsiku la chikondwerero.

Ndikanazimitsa kabokosi pamenepo, nkhani ikanathera pa ufa. Fani ndinazimitsa, koma kabokosi ndinaiwala. Apongozi aamuna anakana chipinda, anati agona pabalaza pafupi ndi moto. Mayi salola mbaula kugona m'nyumba chifukwa mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo, koma atangotseka chitseko chathu, bambo awo anakaitenganso pakhonde. Pakati pa usiku, mumdima, pamwamba pa mutu wawo panamveka kuti tsiii.

Akuti ulendo woyamba anangokhala tcheru. Wachiwiri anafufuza chibonga. Anadikira ali chiimire, osapuma, mpaka chinthucho chinalizanso, ndipo anamenya molunjika pomwe panachokera phokoso. Dzanja la mkuluyo silinakalambe. Tinadzidzimuka ndi kufuula kwakuti "Njoka! Mphiri ili pakhoma!" Ndinatuluka ndi tochi, ndili ndi kabudula yekha, pamaso pa apongozi aakazi omwe sanayenere kuona ngakhale mawondo anga. Kabokosi kanali pansi, chivundikiro chitasweka, ndipo chitini chinali chitagubuduzika mpaka kutsamira mbaula. Muchitinimo muli gasi yemweyo wa mu laitala ya fodya, chikatentha chimaphulika. Ine ndinaima n'kuyamba kufotokoza zimenezi. Mayi anachikankha ndi phazi, n'kutulutsa mbaula, n'kubwerera kukagona osanena kanthu.

Kutacha, apongozi aakazi anatsegula zitseko ndi mawindo onse. Lavenda atachepa anayenda m'nyumba mphuno ili m'mwamba, n'kukaima pa bedi lathu. Pansi pake panali thumba la mbatata ya mbewu lomwe ndinabisa miyezi yapitayo kuti lisadyedwe. Theka linali litasanduka phala lakuda. Analikoka okha mpaka pabwalo, ndipo ulendo uno sananong'one.

Ufa tinapatsa a kuseri aja kuti aphikire nkhumba. Anabweza lichero tsiku lotsatira, ati zakana.

Potsanzikana, apongozi aamuna anatola kabokosi kosweka kaja, anakatembenuza, anandiuza ndibwezeremo chitini. Kanalavula. Anagwedeza mutu mokhutira n'kukaika m'thumba la jekete. Kumudzi anakamangirira ndi luzi m'kachisakasa ka kudimba, komwe anyamata ankawabera kabichi ndi mbatata usiku, ndipo mbiri inafala kuti mkuluyo waweta njoka yolondera. Kuba kunatha. Anakana kuti ndisinthe kabatani kubwerera pa 36, ati njoka yochedwa kulira akuba saiopa. Pa 9 chitini sichitha mwezi, ndipo ku Domue sagulitsa. Uthenga umabwera kudzera kwa mayi, mawu ake osasintha: muwauze akamwini kuti njoka yawo yakhala chete.