Wa pachala ngwa mphepo, ngakhale m'thupi

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Iwo ankanena kafodya konunkhiza, koma kuno kwa Mwase mwambiwu udanenepa mpaka kukwana belo lathunthu. Munthu akangodinda fodya pa jeke, mayendedwe amasintha. M'mutu wagula kale njinga yamoto, wakhoma malata, ndipo apongozi akuwapatsa moni ndi dzanja limodzi. Chonsecho belolo liyenera kukwera lole, kudikira pamzere ku Chinkhoma, kugwidwagwidwa ndi ogula, mwinanso kubwezedwa.

Musamuseke kwambiri, pakuti maselo a thupi lanu ali pa ulimi womwewo. Malangizo opangira mapuloteni amasungidwa mu DNA. Selo likafuna puloteni, limakopera malangizowo pa kauthenga kotchedwa mRNA n'kukatumiza ku ribosome, kamakina kamene kamawerenga uthengawo ndi kulumikiza puloteniyo. Pamapepala zikuoneka zachidule. Koma uthengawo ukangotuluka, mapuloteni ena amaukangamira ngati anyamata a pa depoti akaona katundu. Ena amauperekeza kuti uwerengedwe msanga, ena amautsekera m'nkhokwe, ena amaupereka kuti ukaphwanyidwe. Choncho uthenga wolembedwa ndi fodya wa pachala basi.

Katswiri pa zimenezi ndi mnansi wathu wa ku nkhalango ya Kasungu, kachilombo ka kaodzera kamene kamayenda ndi kashembe, Trypanosoma brucei. Zamoyo zambiri zimayamba zasankha malangizo oti zikopere. Aka ayi. Kamakopera pafupifupi zonse mwachigulu, ngati mlimi wodinda chilichonse cha m'chigafa, masamba abwino ndi zinyenyeswa zomwe, n'kusiyira mapuloteni ogwira mRNA aja ntchito yosankha. Mu 2012, gulu la Christian Tschudi pa yunivesite ya Yale lidachulukitsa puloteni imodzi yokha, RBP6, mu tizilombo tosungidwa m'mabotolo, tamtundu wokhala m'matumbo a kashembe umene sudwalitsa. Tizilomboto tidasandulika n'kufika pa msinkhu wotha kupatsira matenda, osadutsa n'komwe mwa kashembe. Puloteni imodzi, mudzi wonse kusintha khalidwe! Ngakhale a mfumu amayamba aitanitsa msonkhano.

Kachilombo ka malungo nako n'kochenjera, koma mwa mtundu wina: n'kosunga. Kachikazi kake, kali m'magazi, kamalemberatu mauthenga amene kadzafune m'mimba mwa udzudzu, kenaka puloteni yotchedwa DOZI imawamanga mtolo kuti asawerengedwe nthawi isanakwane. Udzudzu ukayamwa magaziwo, mtolo umamasulidwa, ntchito n'kuyamba pomwepo. Gunnar Mair ndi anzake ku Leiden adaonetsa zimenezi mu 2006, pa malungo a makoswe. Atachotsa DOZI, mauthenga ambiri adaonongeka, ndipo kachilombo kadalephera kukula mwa udzudzu. Kunena zoona, kanthu kosaoneka ndi maso aka kamaposa ambiri a ife pa kusunga. Ife ndalama za fodya zikalowa mu Meyi, pofika Ogasiti tayamba kufunsa mtengo wa katapila.

N'chifukwa chake ine sindichita nawo chidwi kwenikweni anthu onena kuti zonse za munthu zidalembedwa kale m'magazi. Kulembedwa kudalembedwadi, koma kuti chiwerengedwe chiti, liti, kangati, zili m'manja mwa ogwira uthenga pa njira, ndipo akatswiri ofuna mankhwala atsopano akuwayang'anitsitsa ogwirawo.

Pakali pano tizilomboto ntchito yawo tikuidziwa bwino, ndiye inu chitani yanu. Gonani m'neti, osati kutchingira nazale ya fodya. Ndipo kashembe akakulumani cha kumalire a nkhalango, thupi n'kumatentha koma malungo osapezeka poyeza, auzeni achipatala kumene mudapita.