Maluwa achikasu, osati a chipani

Okutobala akakhwima ku Nkhata Bay, udzu umapserera, misewu ya m'mapiri imafuka fumbi, ndipo chobiriwira chimene chimatsala ndi chinangwa ndi mitengo ya mango. Anthu anzeru amakhala pamthunzi kudikira chizimalupsa. Mlembi wa danga lino sali m'gulu limenelo. Iye nthawi imeneyi ndi imene anaganiza zokonza kabedi ka maluwa pakhomo, achikasu okhaokha, oti azichita mbuu pamene chilimwe chikutsazika ndipo dzinja likugogoda.

Chinamuyambitsa ndi kaduka. Sitima ya Ilala yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951, ndipo alendo amene amatsika m'sitimayi amakajambula maluwa a m'malo ogona a ku Chikale. Palibe ndi mmodzi yemwe anaimapo pakhomo pa mlembi kuti ajambule kanthu, ngakhale nkhuku.

Khasu lisanagwe pansi, nkhani inali itafika kale kwa aneba. Mkulu wina anasuzumira pa mpanda nafunsa motsitsa mawu: "Ada, kodi mwalowa chipani?" Ku Malawi kuno chikasu chili ndi eni ake. Ndi mtundu wa UDF, chipani chimene chinalowa m'boma ndi a Bakili Muluzi mu 1994, ndipo boma la Nkhata Bay ndi kwawo kwa malemu Aleke Banda a ku Tukombo, amene anali mmodzi wa akuluakulu a chipanicho. Anthu saiwala. Mlembi anati basi adzale a olenji, koma anamukumbutsa za PP ya mayi Joyce Banda. Abuluu ndi a DPP, ofiira ndi a UTM. Atazungulira utawaleza wonse anabwerera ku chikasu chomwecho, tsopano ali ndi mbiri yosinthasintha zipani.

Tsono maluwa ake ati? Woyamba kubwera m'mutu anali deliya, uja amadzadza m'mbali mwa msewu wopita ku Mzuzu. Safuna ndalama, umangothyola kanthambi n'kuzika. Alangizi a zaulimi amamuyamikira chifukwa masamba ake ndi manyowa abwino, ndipo akanyikidwa m'madzi ena amapopera mbewu kuthamangitsa nsabwe. Koma deliya amachita maluwa mvula ikamatha, cha m'ma Epulo ndi Meyi, ndipo amatalika kuposa munthu. Mu Novembala ndi tchire chabe lobisalamo njoka. Keshya wamaluwa naye chikasu chake amachionetsa dzinja litakhazikika, komanso ndi mtengo wathunthu, wosayenera kabedi kamene kukula kwake sikuposa mphasa.

Mpendadzuwa anamukopa kwambiri. Amatenga miyezi iwiri ndi masiku pang'ono kuti achite maluwa, choncho wofuna kumuona mu Novembala ayenera kudzala kumayambiriro kwa Seputembala ndi kumathirira tsiku ndi tsiku. Alimi enieni amamudzala mvula ili mkati, kumwamba kukuthirira kwaulere. Mlembi anayang'ana nyanja imene ili m'munsimo, madzi ochuluka osatha kumwa, nayang'ananso chitunda chimene nyumba yake inakhalapo. Tauni ino inamangidwa pa mapiri, ndipo chidebe cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20 pansi pa phiri, koma pofika pakati chimakhala chitanenepa. Za pampopi sanaziganizire n'komwe, popeza bilu ya madzi amaisunga ndi mayi a kunyumba.

Panatsala awiri. Allamanda, wa maluwa aakulu onga lipenga, amakonda kutentha kwa kunyanja ndipo amamera ndi nthambi yodula. Utomoni wake woyera ndi poizoni, umayabwa pakhungu, zimene zinasangalatsa mlembi poganizira mbuzi za aneba, koma zinamudetsa nkhawa poganizira adzukulu amene amalawa chilichonse. Winayo ndi marigold: wamfupi, wopirira dzuwa, wofesa pa nazale n'kuokera, ndipo pakatha miyezi iwiri amakhala atachita maluwa. Mizu yake imachepetsa tinyongolotsi ta m'nthaka timene timatupitsa mizu ya tomato. Vuto lake n'lakuti mbewu yopempha kwa anzako imabwera yosakaniza, yachikasu ndi ya olenji pamodzi, ndiye pakhomo pamaoneka ngati pachitika mgwirizano wa zipani.

Tisaiwale kuti maluwa onsewa ndi obwera. Deliya ndi marigold kwawo ndi ku Mexico, allamanda ku Brazil, mpendadzuwa ku North America. Ndi mbuzi yokha imene siifunsa pasipoti.

Mlembi anafotokoza zonsezi kwa mayi a kunyumba madzulo ena, iwo akuvundula kondowole. Anamvetsera mpaka kumapeto, chinthu chosachitika kawirikawiri, kenako anafunsa funso limodzi: "Bambo a ana, nanga amenewo amadyedwa?" Asanayankhe, anamuloza kuseri kwa nyumba, kumene amataya madzi otsukira mbale. Kumeneko maungu anali atayanga kale, maluwa ake achikasu chenicheni. Pambali pake panali therere lobala, duwa lake lachikasu lokhala ndi kadontho kofiirira pakati. Tomato naye maluwa ake ndi achikasu, nandolo chimodzimodzi, ndipo mtedza ukadzamera ndi mvula udzachitanso zomwezo. Mayiwa akhala akulima munda wa maluwa achikasu zaka zonsezi popanda neba kuwafunsa za khadi la chipani.

Kabedi ka kutsogolo kanadzalidwabe, poti mwamuna akakumba dzenje pamaso pa anthu sabwerera. Muli marigold pang'ono, wotchingidwa ndi nsungwi, ndi mzere wa udzu wa vetiva kumunsi kuti mvula ya Disembala isatengere zonse ku jeti. Malo otsalawo mayi anaponyamo nthanga za maungu.

Mkangano umene ulipo tsopano ndi wa nthawi. Duwa la dzungu limatsekuka m'mamawa ndipo pofika masana lafota, pamene mayi amathyola maluwa amphongo, aja osabala, kuti aphike chiluwe chotendera. Agwirizana kuti mlembi azidzuka tambala wachiwiri akalira, atenge mpando, awayang'ane mpaka tiyi atapsa. Akachedwa, akawaona m'mbale.