Kukulitsa Nkhokwe ya Madisiki

Nkhokwe ya madisiki ndi ma hard disk angapo olumikizidwa kuti kompyuta iziwaona ngati disiki imodzi yaikulu, ndipo amayalidwa mwakuti imodzi ikafa, mafayilo asafe nayo limodzi. Dzina lake lodziwika ndi RAID, ndipo linatchuka ndi pepala limene David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a pa yunivesite ya California ku Berkeley anatulutsa mu 1988. Akatswiriwa ankalingalira za makompyuta akuluakulu. Sankalingalira za bambo wapakhomo amene amasunga mavidiyo a mpira womwe zigoli zake akuzidziwa kale. Mlembi wa danga lino ndi wa mtundu umenewo, ndipo pano akuimira mtundu wonse.

Chitetezo chimadya malo. Mu RAID 1 madisiki awiri amalembedwa zofanana, kotero wogula awiri amagwiritsa ntchito malo a imodzi. RAID 5 imafuna madisiki osachepera atatu, ndipo malo a disiki imodzi amapita ku parity, masamu obwezeretsera chotayika: ngati 3 ndi 4 apanga 7, ndiye 4 akasowa, 7 ndi 3 amamupeza. RAID 6 imadya malo a awiri ndipo imapirira imfa ziwiri. Choncho madisiki anayi a 4 TB amapereka 12 TB mu RAID 5, kapena 8 TB mu RAID 6. Pamwamba pa apo, opanga madisiki amawerenga ndi 1,000 pomwe makompyuta ambiri amawerenga ndi 1,024, moti disiki ya 4 TB imaoneka ngati 3.64. Apa mwini nkhokwe amayamba wakayikira wogulitsa, kenako kompyuta, ndipo mphunzitsi wake wa masamu amamukumbuka pomalizira.

Nkhokwe ikadzadza, njira yaulere ndi kufufuta zosafunika. Njirayi ilipo m'mabuku mokha. Woiyesa amatsegula zithunzi zakale, madzulo onse amathera pomwepo, amafufuta ziwiri zosaoneka bwino, kenako imodzi amaibweza chifukwa pakona pake pakuoneka chigongono cha malemu agogo. Motero amapita kukagula disiki.

Njira yoyamba yeniyeni ndi kulowetsa disiki yatsopano m'gulu lomwelo. Pa Linux pulogalamu ya mdadm imachita zimenezi, koma imayenera kusuntha mafayilo onse kuti afalikire pa madisiki onse, ntchito ya maola ambiri ndipo nthawi zina masiku. Zili ngati kondakitala amene akuuza anthu anayi a pampando kuti asendere pakhale wachisanu, minibasi ikuthamanga, aliyense atanyamula thireyi ya mazira. ZFS, pulogalamu ina yosamalira madisiki yomwe inapangidwa ku Sun Microsystems ndipo inatuluka mu 2005, inakana kusenderako kwa zaka pafupifupi 20. Gulu lake la RAIDZ silinkalandira disiki imodzi yowonjezera mpaka OpenZFS 2.3 itatuluka mu Januwale 2025. Ngakhale pano, mafayilo akale amakhalabe ndi muyeso wakale wa parity mpaka atalembedwanso, kotero malo opezeka amachepa kuposa amene mwini nkhokwe analonjeza mayi a kunyumba popempha ndalama.

Pali lamulo lina limene ogula amalimva atagula kale. M'gulu limodzi, disiki iliyonse imawerengedwa pa msinkhu wa yaing'ono kwambiri. Ya 8 TB ikalowa pakati pa za 4 TB, theka lake limangokhala ndwii. Mabokosi a Synology ali ndi njira yawo ya SHR yolola misinkhu yosiyana, koma nayo imafuna zazikulu ziwiri kuti malo otsalawo agwire ntchito.

Njira yachiwiri ndi kuwonjezera gulu lina lathunthu pambali pa lakale. Mu ZFS gulu lotere limatchedwa vdev. Malo amaoneka nthawi yomweyo, koma madisiki amagulidwa angapo pakamodzi, ndipo vdev imodzi ikawonongeka yonse, nkhokwe yonse yapita. N'chifukwa chake kuika disiki imodzi yokha ngati vdev, popanda inzake yoiteteza, n'kukoloweka banja lonse pa msomali umodzi. ZFS imakana ndipo imachenjeza. Chenjezolo limadumphika powonjezera chilembo f pa lamulo, ndipo anthu a mtundu wa mlembiyu chilembo chimenechi amachidziwa kuposa tsiku lobadwa la akazi awo.

Njira yachitatu ndi ya amene bokosi lawo lilibenso malo olowetsa disiki. Amachotsa yaing'ono imodzi, n'kuika yaikulu, n'kudikira nkhokwe idzimangenso. Kenako yachiwiri, chimodzimodzi, mpaka yomaliza. Malo atsopano amaoneka pokhapokha yomaliza ikatha, ndiye wogula imodzi pa malipiro alionse amakhala miyezi ali ndi madisiki akuluakulu ndi nkhokwe yaing'ono. Apa mpamene pali ngozi yaikulu. Mu RAID 5, disiki imodzi ikatuluka chitetezo chimakhala chatha, ndipo otsalawo amawerengedwa kuchokera koyamba mpaka kumapeto osapuma. Kawirikawiri anagulidwa tsiku limodzi, akalamba limodzi, ndipo ina ikhoza kusankha kufa usiku womwewo. Mtundu wa disiki nawo ndi nkhani: mu 2020 zinadziwika kuti madisiki ena a WD Red a kampani ya Western Digital anali a mtundu wa SMR, umene umachedwa kwambiri pa ntchito yomanganso nkhokwe, pamene ogula sanauzidwe poyera.

Kumene magetsi amathima osatsanzika, UPS, kachipangizo ka batire kosunga magetsi, ndi gawo la ntchito. Imapereka mphindi zoti bokosi lizimitsidwe mwaulemu, osati maola omalizira ntchito. Pa nthawi yonseyi mwini nkhokwe amasanduka mlonda. Ana amaletsedwa kuyandikira soketi, simbi imadikira, ndipo iye amadzuka pakati pa usiku kukaona ngati 41 peresenti yafika 42, ngati kuti nambalayo imafulumira ikamayang'aniridwa.

RAID imateteza ku imfa ya disiki basi. Fayilo ikafufutidwa molakwika imafufutika pa madisiki onse nthawi imodzi, ndipo mbala, moto ndi mphezi zimatenga bokosi lonse. Malangizo alionse abwino amati musanakulitse nkhokwe, koperani zonse kwina. Wofuna kukopera 12 TB ayenera kukhala ndi 12 TB ina yopanda kanthu, ndipo akanakhala nayo sakanayamba n'komwe nkhani yokulitsa. Choncho ambiri amakopera ziphaso za sukulu ndi zithunzi za ukwati pa flash, zotsalazo amazisiya m'manja mwa UPS, n'kudina Enter.