Febuluwale wasokoneza makompyuta

Tafunsani kompyuta kuti mwezi umodzi kuchokera pa 31 Januwale 2023 ukwana liti. Mapulogalamu osunga deta a MySQL ndi PostgreSQL ayankha mwaulemu kuti pa 28 Febuluwale, poti Febuluwale alibe tsiku la 31. Onjezaninso mwezi pa yankholo, mufika pa 28 Malichi, masiku atatu atasowa popanda wowalira maliro. SQLite siidziwa kunyengerera: imangowerenga mpaka kukagwera pa 3 Malichi, Febuluwale osampatsa ndi moni womwe. Oracle nayo ili ndi khalidwe lakelake. Lamulo lake la ADD_MONTHS likaona 28 Febuluwale limati uku ndi kutha kwa mwezi, basi n'kukuponyerani pa 31 Malichi. Wangongole angaikonde Oracle. Mwini nyumba wodikira lendi, kaya.